Mutu 6: Maselino Atumidwa Masamba a Tipolo

1. Katswiri wa mitengo

"Pachilumba chonse cha Savai'i palibe mtengo umene ine sindiudziwa," anatero Maselino. "Mundimange nsalu kumaso, mundinunkhize tsamba limodzi lokha, ndikuuzani dzina lake, kumene umamera, ngakhalenso munthu amene anaudzala."

Ananena zimenezi Loweruka m'mawa, ataima kuseri kwa khitchini, chibonga chomenyera mpira wa kilikiti chili paphewa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwezi wathawo aphunzitsi a zaulimi anali atamuyamikira kamodzi kokha pamaso pa kalasi, ndipo chiyambire tsiku limenelo makutu a anthu m'mudzimo sanapumenso.

"Tamenya mpira, aise," anatero mnzake Ioelu. "Mitengoyo idzakuombera m'manja yokha."

Mpira weniweni ankasunga ndi mkulu wa timu. Choncho anyamata awiriwa poyeserera ankathyola zimandimu za pachitsamba china chokhotakhota chimene chinali pambali pa khitchini. Maselino ankachitcha chitsamba cha ulesi. Zipatso zake zinali zikuluzikulu, zotupatupa, koma ukadula unkapeza khungu lokhalokha, madzi osadzaza n'supuni yomwe. Ntchito ina ya chitsambacho inali kuyanikapo kabudula wa Maselino akachokera kunyanja. M'mawa umenewo kabudulayo analipo, akudontha.

"Chatsala chimodzi ichi," anatero Ioelu, akuthyola chindimu chachikasu.

"Chafanana ndi nkhope yako. Ponya!"

Ioelu anaponya. Maselino anachimenya ndi mphamvu zake zonse. Chindimucho chinauluka, n'kudumpha mpanda wa maluwa, n'kulowera cha kunyumba ya abusa. Anamva kuti phu! Kenako nkhuku zinalira. Kenako kunangoti zii.

Anyamatawo anayang'anana.

"Ndi nkhuku imeneyo," anatero Ioelu.

"Ndi nkhuku ndithu," anavomera Maselino. Sanapite kukaona.

2. Azakhali a Leitu

M'nyumba munali nkhawa. Mawa lake linali Lamulungu la ana, tsiku limene ana onse amavala zoyera, n'kuima kutsogolo kwa tchalitchi kunena mavesi pamtima, ndipo pobwerako amadya akuluakulu akuwatumikira. Fuatino, mlongo wake wa Maselino wa zaka zisanu ndi zinayi, anali atapatsidwa mavesi ambiri kuposa mwana wina aliyense. Anawaloweza miyezi iwiri, akusesa, akusamba, akudyetsa nkhumba, mpaka nkhumbazo zinatsala pang'ono kuwadziwa. Diresi loyera linali litasokedwa kale.

Koma Lachitatu mvula inamunyowetsa, chimfine chinamugwira, mawu n'kusasa. Pofika Loweruka ankati akatsegula pakamwa, mpweya wokha n'kumatuluka. Mawuwo akapanda kubwera, mavesi ake anali oti apatsidwe kwa mwana wina.

Bambo awo, a Pelenato, anatumiza uthenga kwa mlongo wawo, a Leitu, amene anthu a midzi itatu ankathamangirako mwana akadwala. Azakhaliwo anatsika basi ya ku Salelologa dzuwa litangokwera, atanyamula kadengu ndi botolo la mafuta a kokonati. Anakhala pamphasa, n'kumukoka Fuatino. Anamugwira pamphumi, anaika khutu pamsana pake, anamuyang'ana kukhosi.

"Thupi silikutentha, ndipo akupuma bwino," anatero. "Akanakhala kuti akutentha kapena akubanika, achimwene, ndikanakukwezani basi yomweyi wa kuchipatala, osatayanso nthawi ndi ine. Koma apa ndi pakhosi pokha. Ndimusisita ndi mafuta, kenako ndifuna masamba a tipolo patupatu, mtengo wa mtundu wa mandimu uja. Bambo athu anadzala mtengo umodzi pamalo athu ano. Uli..."

"Musanene, azakhali!"

Anali Maselino. Anali atatsamira mzati wa nyumba, Ioelu ali pambali pake.

"Musadzivute n'kunena. Ine ndiwo ntchito yanga imeneyo. Mtengo umenewo ndimaudziwa ngati chikhatho changachi."

Fuatino anadzuka, n'kumukoka mchimwene wakeyo nsalu ya m'chiuno. Ankaloza panja, milomo ikugwedezeka.

"Usadandaule, mlongo wanga," anatero Maselino, akumusisita pamutu. "Ndamva. Undithokoza ndikabwera."

A Pelenato anatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Azakhali anangowayang'ana ndi diso la kumbali, iwo n'kutseka. Anakulira limodzi, ankalidziwa diso limenelo.

"Chabwino, katswiri," anatero azakhali. "Koma takhala pansi. Kwathu kuno mwana salankhula ndi akulu ataima ngati mtengo wa kokonati."

Maselino anakhala, n'kupinda miyendo.

"Tamvera, mwanawe. Mitengo ya mtundu wa mandimu ndi yambiri, ndipo yonse ukafikisa tsamba imanunkhira. Mphuno yokha idzakunamiza. Uyang'ane ndi maso. Tipolo patupatu sakula ngati mtengo wa ulemu, ayi. Ndi chitsamba chabe, nthambi zake zimangopita uku ndi uku ngati munthu woledzera, ndipo minga yake ndi yaifupi, yolimba. Tsamba lake ndi lalitali, losasongoka kwenikweni kumapeto, m'mbali muli timano ting'onoting'ono ngati sowo. Mphukira zake zanthete zimakhala zofiirira, maluwanso akadali osatsegula ndi ofiirira kunja. Koma chachikulu ndi ichi: uyang'ane kakhosi ka tsamba, pamene tsambalo lagwirana ndi nthambi. Malalanje ndi anzake ali ndi timapiko pamenepo, ngati katsamba kena kakang'ono kunsi kwa lalikulu. Uyu alibe. Kakhosi kake n'kosalala, kakafupi. Ukaona timapiko, usiye, si ameneyo."

"Inde, azakhali."

"Usandiyankhe inde ndisanamalize. Chipatso chake anthu opusa amachinyoza chifukwa chilibe madzi. Koma ubwino wake uli m'khungu. Masamba timawiritsa, wodwala chimfine apume nthunzi yake, amweko ndi madzi ake akadali ofunda. Khungu timaliuma, kapena kuliphika ndi uchi, la pakhosi pokereketa ndi m'mimba mukadzaza. Agogo ako sankakwera sitima yopita ku chilumba cha Upolu opanda kachidutswa m'thumba, nyanja ikawinduka ankatafuna, mseru n'kuchepa. Si mtengo wochiza zonse, ndipo amene angakuuze choncho ndi wabodza. Koma pa zimene umathandiza, umathandizadi. Ndiye munthu wothyola mankhwala osatsimikiza ndi woopsa kuposa amene wangokhala osathyola. Lero ungalakwitse ndi tsamba la lalanje, palibe amene afe. Mawa udzalakwitsa ndi tsamba lina, udzaika mwana wa eni m'manda. Ukakayika, bwerera udzafunse. Kufunsa sikunachotsepo munthu dzino."

Kubwalo la kilikiti mluzu unalira. Maso a Maselino anali pa azakhali, koma makutu anali atapita kale kubwaloko. Pa zonse zija anatolapo mawu awiri: agogo, ndi kununkhira.

"Chomaliza," anatero azakhali. "Wotumidwa mankhwala amapita molunjika, amabwera molunjika. Saima panjira, salankhula ndi munthu kufikira atatula masamba m'manja mwanga. Ndi mmene anandiphunzitsira amene anandiphunzitsa. Utha?"

Ioelu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Uyu, amayi? Uyu amalankhula ngakhale ali pansi pa madzi."

Maselino anadzuka, n'kutenga chikwanje ndi dengu. Anaganiza kuti ngati anadzala ndi agogo, ndiye kuti mtengowo uli kumunda wawo wakale wa kuphiri, ulendo wa ola lathunthu. Anadutsa pambali pa khitchini, n'kukhudza kabudula wake kuti aone ngati wauma. Anali asanaume.

3. Pakamwa potseka

Njira ya kuphiri inkadutsa pabwalo la kilikiti. Panalibe njira ina. Mudzi wonse unali pamenepo, amayi akuimba, anyamata akuvina womenya mpira akatulutsidwa, agalu akuthamangitsana ndi mpira.

Ioelu anali atathamangira patsogolo kukafalitsa nkhani. Pamene Maselino ankafika, anzake anali atandandalika m'mbali mwa njira ngati akudikira mkwati.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?"

Maselino anayang'ana kutsogolo.

"Akuti aphunzitsi a zaulimi anasokoneza mapepala. Amene anakhoza anali Ioelu. Zoona zimenezi, Maselino? Ukapanda kuyankha ndiye kuti wavomera."

Maselino anapitiriza kuyenda. Yankho linali litafika kale palilime, labwino kwambiri, lokhudza ziphuphu za Ioelu. Analimeza.

Kenako anabwera mkulu wa timu, chibonga chili m'manja.

"Iwe, watichedwetsa. Lero uyamba ndiwe kumenya. Ika dengulo pansi, masamba sathawa."

Miyezi inayi Maselino ankapempha kuti tsiku lina ayambe ndiye. Anaima. Anayang'ana chibongacho, anayang'ana dengu. Kuchokera pamenepo denga la tchalitchi linkaoneka, atsikana akukolekamo maluwa a mawa.

Anapukusa mutu, n'kupitirira.

"Wadwala ameneyu!" anakuwa wina. "Mankhwalawo akayambe kumwa yekha!"

Tinene chilungamo, apa mnyamatayu anachita bwino. Kwa munthu ngati Maselino, kudutsa bwalo lonse lija osatulutsa liwu n'chimodzimodzi kusenza nkhumba yamoyo kukwera nayo phiri.

4. Mtengo wa ulemu

Njira inali ya miyala yakuda, yoterera chifukwa cha mvula ya Lachitatu. Anadutsa minda ya nthochi, anadumpha mpanda wa miyala wotchinga nkhumba, anafika kumunda wa agogo thukuta lili kamukamu.

Sanavutike kufuna. Pakati pa mundawo panali mtengo wautali, woongoka, wa masamba obiriwira onyezimira. Anathyola tsamba, analifikisa, ananunkhiza. Fungo linamulowa mpaka m'maso.

Anatsala pang'ono kufuula kuti "Suuwu!" koma anakumbukira lamulo, n'kungovina pang'ono yekhayekha.

Anakwera. Minga yake inali yaitali ngati singano zosokera mphasa, ndipo inamulandira bwino m'mikono ndi m'ntchafu. Nyerere nazo zinali ndi mudzi wawo kumeneko. Sanakuwe. Anathyola masamba mpaka dengu kudzaza.

Atatsika anakhala pamwala kuti azule minga. Anatola tsamba limodzi, n'kumalitembenuza. Kunsi kwake, pakakhosi paja, panali katsamba kena kakang'ono, kooneka ngati mtima.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Azakhali ananenapo za timapiko, izi ankakumbukira. Koma anati tikhalepo, kapena tisakhalepo? Anatinso chitsamba, kapena mtengo?

Njira zinali ziwiri. Akanatha kutsika ndi tsamba limodzi, n'kulipereka mwakachetechete, azakhali aone okha ngati ndi lomwelo. Kapena akanatha kuzungulira mundawo kuona ngati pali mtengo wina wosiyana. Koma Maselino anayang'ana m'mwamba, n'kuona mmene mtengowo unalili wokongola. Mankhwala a mphamvu angamere pa kachitsamba? Agogo, munthu wa ulemu wake, akanadzala chinthu chokhotakhota?

Anabweza tsambalo m'dengu, n'kukongoletsa pamwamba ndi kanthambi ka maluwa oyera. Anatsika phiri chifuwa chili patsogolo.

5. Timapiko

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Pakhomo panali anthu. Amayi ake ankasita zovala zoyera, a Pelenato ankapala kokonati, ndipo Ioelu anali atabwera ndi anyamata atatu, ati kudzapempha madzi akumwa. Madziwo anali atamwa kale, koma sankachoka.

Panali fungo lina lokoma pabwalo ponse, ngati la mandimu koma lofatsa. Maselino sanalilabadire. Pakona panali kamulu kofunda nsalu, kataweramira beseni lofuka nthunzi. Sanakalabadirenso.

Anagwada, n'kutula dengu patsogolo pa azakhali. Ndiye pakamwa panatseguka ngati mpopi.

"Nawa, azakhali! Ola limodzi kupita, ola limodzi kubwera, osalankhula ndi munthu, afunseni awa. Mtengo wake ndi wautali kuposa nyumba ino. Ndinangouona patali ndinadziwiratu. Wina akanasochera, koma ine mphuno yangayi..."

Azakhali anatola tsamba limodzi. Sanalinunkhize. Analikweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuloza pakakhosi ndi chikhadabo.

"Ichi n'chiyani, katswiri?"

"Timapiko, azakhali."

"Ndinati chiyani za timapiko?"

"Munati... ndi tofunika kwambiri."

A Pelenato anatsamwa, n'kuweramira pa kokonati wawo, mapewa akugwedezeka.

"Awa ndi malalanje owawa," anatero azakhali. "Agogo ako sanadzale n'komwe mtengo umenewo. Unamera wokha pamene ankataya zinyalala. Amayi ako asunge masambawa, ndi abwino pa tiyi. Tsopano taona ili."

Anatulutsa tsamba lina m'kadengu kawo. Linali lalitali, la timano m'mbali, kakhosi kake kosalala. Panalinso kamphukira kofiirira.

"Pita nalo kumphuno, poti ndiko umadalira."

Maselino ananunkhiza. Linali fungo lomwe lija la pabwalo. Linalinso fungo lina limene ankalidziwa bwino kwambiri, koma sankakumbukira kuti ankalimva kuti. Linkafanana ndi fungo la zovala zake.

"Nanga... nanga awa mwawatenga kuti?"

Kamulu ka pakona kanagwedezeka. Nsalu inavundukuka, n'kutulukira nkhope ya Fuatino ili thukuta lokhalokha, kapu ili m'manja. Anatsokomola kamodzi. Kenako panatuluka kamawu kakang'ono, kosasa ngati chitseko chakale, koma komveka kwa aliyense.

"Pansi pa kabudula wanu, achimwene."

Amayi anagwetsa simbi. "Walankhula! Mwana wanga walankhula!"

Anathamangira kukamukumbatira. A Pelenato anasiya kudzibisa, anaseka mokweza mpaka misozi. Ioelu anagwa chagada paudzu, miyendo m'mwamba, ndipo anyamata atatu aja anali atauyamba kale ulendo wa kubwalo, aliyense akufuna kukafika woyamba ndi nkhaniyo.

Maselino anatembenuka pang'onopang'ono. Chitsamba cha ulesi chinali pomwe chinkakhala masiku onse, mapazi khumi kuchokera pamene anagwada. Kabudula wake anali atachotsedwapo, n'kukolekedwa pamtengo wa tsache ngati mbendera.

"Ndinakuuzani m'mawa," ananong'ona Fuatino. "Ndinaloza."

"Khala chete iwe, sunga mawuwo," anatero azakhali. "Sanabwere onse. Upumenso nthunzi madzulo, usayesere mavesi mokweza, mawa tidzaona." Kenako anatembenukira kwa Maselino, ndipo nkhope yawo sinali yaukali. "Iwe, miyendo uli nayo. Pakamwanso ndamva kuti watha kutseka, chinthu chimene bambo ako sanachionepo chibadwire iwe. Wasiya masewera chifukwa cha mlongo wako, zimenezo ndaziona. Chatsala ndi makutu. Ukanandilola kumaliza mawu amodzi okha m'mawa uja, minga yonseyi ikanakhala ikadali kuphiri."

"Pepani, azakhali."

"Pepani wako ndamva. Tsopano ndithandize. Nthunzi yatsegula njira, koma kuti mwanayu adzaime mawa n'kumaliza mavesi onse aja, ndifuna khungu la chipatso, ndiphike ndi uchi azinyambita. Bambo ako akuti dzulo panali chimodzi chachikasu, chokhwima bwino, chomaliza. Ndasanthula chitsamba chonse, sindikuchiona. Poti ndiwe umayanikapo zovala, sunachione?"

Ioelu anasiya kuseka. Anadzuka mwakachetechete, n'kuyamba kusendera cha kumpanda.

Maselino anayang'ana cha kunyumba ya abusa.

Nthawi yomweyo galu anauwa. Wina anakhosomola mwaulemu panjira, mmene amachitira mlendo wolemekezeka akamafika pakhomo. Onse anatembenuka, ndipo a Pelenato anafulumira kukonza nsalu yawo ya m'chiuno.

Anali abusa. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira nsalu yonyowa pamphumi, pamene panali chotupa chachikulu ngati dzira la bakha. M'dzanja lamanja ananyamula chindimu chachikasu, chotupatupa, chophwanyika mbali imodzi.

"Mtendere pakhomo pano," anatero abusa. "Ndamva kuti kuno kuli mnyamata wodziwa mtengo uliwonse pachilumba chino, ngakhalenso mwini wake. Ndabwera kuti andiuze: chipatso ichi n'cha mtengo wa yani?"